Ng'ombe Zoikiza ndi Kabokosi ka Lamya

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa lidakula mphamvu ndipo akunyumba adalamula kuti katundu yense wa m'chipinda chosungiramo zinthu atulutsidwe pabwalo chiswe chisanamulowerere, ndidapeza pansi pa sutikesi yakale, pakati pa makalata ofiira ndi ukalamba ndi jekete lachisanu limene silidavalidwenso chibwerere kuno kwathu, kabokosi kakang'ono kotuwa, kosaposa buku la nyimbo za m'tchalitchi kukula kwake, kamene ndidakhala nako m'dziko la eni ndipo ndidali nditakaiwala monga munthu aiwala mnzake wa paulendo. Kumbuyo kwake kuli mabowo anayi: lina la magetsi, lina la chingwe cha intaneti, ndi awiri olowetsamo zingwe za lamya ya m'nyumba, ija ya chigwiriro ndi chingwe chopotana imene ana a masiku ano amangoiona m'mafilimu. Ndidakapukuta fumbi ndi kukalumikiza kumagetsi ndi kuintaneti, mwa chidwi chabe cha munthu wokalamba amene alibe chomuthamangitsa. Ndipo taonani, kanyali kake kadayaka, kadaphethira, kadaphethiranso, ndipo kadapitiriza kuphethira tsiku lonse, pakuti kadali kuitana mbuye wake amene adaleka kuyankha kalekale.

Kabokosi aka ndidakalandira m'chaka cha 2005, ndili pamaphunziro mumzinda wina wa m'chigawo cha Indiana ku America, kumene chisanu chimalowa m'mafupa ndipo kupukwa kwathu kumalowa mozama koposa chisanucho. Masiku amenewo munthu wofuna kumva mawu a abale ake ankagula makadi okala m'timasitolo ta alendo anzathu, nayimba nambala yaitali ngati mndandanda wa mibadwo, kenaka nambala yachinsinsi, kenaka 265 ndi nambala ya kumudzi. Ndipo popeza moni wa kwathu sathamanga, koma ayenera kufunsa za thupi, za ana, za mvula, za mbuzi ndi za odwala a mudzi wonse, khadilo linkatha nkhani yeniyeni isanayambe. Pamenepo padabuka makampani atsopano olonjeza lamya yodzera pa intaneti, imene eni ake amaitcha VoIP. Yotchuka mwa iwo idali Vonage ya ku New Jersey, imene idakhazikitsidwa mu 2001. Koma ine ndidalowa ku ina yocheperapo, imene sindiitchula dzina, pakuti idafa, ndipo kwathu wakufa saimbidwa mlandu pabwalo. Adanditumizira kabokosiko papositi osandilipiritsa kanthu, nangondiuza kuti ndizipereka ndalama yakutiyakuti mwezi ndi mwezi, ndipo ine ndidaona ngati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Ntchito ya kabokosi kotere, kamene amisiri amakatcha ATA, ndi yodabwitsa, ngakhale kuifotokoza sikuvuta. Lamya yakale inkafuna njira yakeyake ya waya kuchokera pakamwa pa wolankhula kufikira kukhutu kwa womvera, ndipo njirayo inkakhala ya awiriwo okha mpaka atatsazikana. Kabokosika kali ndi nzeru ina: kamatenga mawu a munthu, n'kuwasandutsa manambala, n'kuwaduladula m'timaphukusi ting'onoting'ono, kawirikawiri 50 pa sekondi iliyonse, ndipo kaphukusi kalikonse kamalembedwa keyala ndi kuponyedwa mumsewu waukulu wa intaneti pamodzi ndi makalata, zithunzi ndi malonda a anthu ena; tsono kutsidyako timasonkhanitsidwa, n'kuikidwa mundondomeko yake, n'kusandukanso mawu, msangamsanga kotero kuti khutu silizindikira kuti mawuwo adang'ambidwa panjira. Zili ngati mudzi ukamakolola, wina wasenza dengu, wina lichero, wina kathumba, aliyense kudzera kanjira kake, koma chimanga chonse n'kukathera munkhokwe imodzi.

Lamulungu lililonse ndinkadzuka 6 koloko mbandakucha, kunja chipale chofewa chili mbee, pamene kwathu ku Dowa idali itakwana 1 koloko masana, mapemphero atatha. Amayi adalibe foni yawoyawo. Ankapita kwa aphunzitsi aakulu a sukulu ya pafupi ndi mudzi wathu, amene mwa kukoma mtima kwawo ankabwereketsa foni yam'manja kwa onse okhala ndi ana kutali, ndipo popeza netiweki inkagwira bwino pachulu chimodzi chokha kuseri kwa bwalo la mpira, iwo, ngakhale maondo adali atayamba kale kuwavuta, ankakwera chulucho ndi ndodo kudzanja lina ndi foni kudzanja linzake, n'kuima pamwamba pake monga mlonda pa linga. "Mwana wanga," adatero tsiku loyamba, "lero ukumveka ngati uli kuseri kwa nkhokwe. Kodi wabwera osatiuza?" Ndidaseka misozi ili m'maso, ndipo kuyambira tsiku limenelo kabokosi kaja ndidakawerengera pamodzi ndi chuma changa, monga mlimi awerengera khasu lake, ndipo wina akadandifunsa kuti n'ka yani, ndikadayankha mosakayika kuti n'kanga, pakuti kadali m'nyumba mwanga, kankadya magetsi anga, ndipo kankanyamula mawu a mayi wanga.

Kuperewera kwa maganizo amenewa kudaonekera patapita chaka ndi miyezi, pamene kampani ija idakweza mtengo woimbira ku Malawi, ndipo mnzanga wina adandilozera ina yotsika mtengo, imene inkangofuna kuti munthu abwere ndi kabokosi kake. Ndidati mumtima, kabokosi ndili nako kale. Koma nditalowa m'katikati mwake kudzera pa kompyuta kuti ndilembemo dzina la kampani yatsopanoyo, ndidapeza khomo lotseka, lofuna mawu achinsinsi amene sindidapatsidwepo. Ndidaitana mnyamata wina wa kwathu konkuno, wophunzira za makompyuta, amene atakatembenuza kawiri katatu adapukusa mutu nati, "Achimwene, aka n'kolokedwa. Inu muli ndi thupi lake, koma kiyi ali kwa eni." Ndidayang'ana ponseponse kufuna loko kapena bowo la kiyi, ndipo iye adaseka mwaulemu, nandimasulira kuti loko wake ndi wosaoneka ndi maso: mawu achinsinsi a woyang'anira amasungidwa ndi kampani, keyala ya seva ya kampaniyo idalembedwa m'katimo kabokosiko kasanafike m'manja mwa wogula, kotero kuti nthawi iliyonse kakadzuka kamayamba kakagwada kwa mbuye wake kukalandira malamulo, ndipo malamulowo amabwera obisika m'zilembo zimene munthu wapadera sangaziwerenge kapena kuzisintha. "Ngakhale mutafufuta zonse kuti kabwerere mmene kadabadwira," adatero, "kakangoona intaneti kathamangira komweko, ngati mbuzi yodziwa khola lake."

Chimene chidandizunguza mutu koposa n'chakuti kabokosiko kankadziwa ndithu kulankhula ndi alendo. Chinenero chimene zipangizo zotere zimaitanirana, chotchedwa SIP, si chuma cha kampani iliyonse. Akatswiri a intaneti adachilemba poyera mu 1999, nachikonzanso mu 2002, kuti wopanga aliyense ndi wogulitsa aliyense achitenge mwaulere, monga anthu atunga pachitsime cha mudzi. Odziwa zinthu izi akumbukira kuti kampani ya Linksys inkapanga kabokosi kotchedwa PAP2, kamene kankagulitsidwa motsika mtengo kali komangiriridwa ku kampani imodzi ya lamya, ndiponso mbale wake PAP2-NA, wofanana naye nkhope ndi m'mimba momwe, amene ankagulidwa pamtengo wake wonse n'kumamvera aliyense amene mwini wake wamusankha. Mapasa a mimba imodzi, wina mfulu, wina kapolo. Ndipo chowasiyanitsa chidali chimodzi chokha, chakuti akadzuka m'mawa amayamba kupereka moni pakhomo la yani. Apa m'pamene ndidazindikira kuti mawu awiriwa, kulokedwa ndi kusalokedwa, ngakhale amanenedwa za chipangizo, mwini nkhani wake ndi anthu awiri, wogula ndi wogulitsa, ndi pangano limene lili pakati pawo, lonenedwa poyera kapena lobisidwa m'tizilembo ting'onoting'ono timene palibe amawerenga.

Usiku umenewo tulo tidandithawa, ndipo maganizo adanditengera ku khola la agogo anga aamuna, kumene ndidaweta ndili mwana. M'kholamo mudali ng'ombe 11, ndipo ine ndinkadzitama nazo pamaso pa abusa anzanga kudambo, kufikira tsiku lina kudafika mkulu wina wa kutsidya kwa mtsinje, wovala chikhoti chakuda, amene adamuphera nkhuku, nagona, ndipo m'mawa mwake adaloza ng'ombe 4, pakati pake pali ija yamawanga imene ndidaitcha dzina ndekha, nayamba kuzitsogoza kunka nazo kwawo. Ndidalira ndi kufunsa chifukwa chake agogo adangoima chilili, mbala ikutenga chuma chawo dzuwa likuswa mtengo. Iwo adandikhazika pamwendo nati, "Mdzukulu wanga, zija n'zoikiza. Mkaka tamwa, ndowe tathira kudimba, ngolo zatikokera. Koma nyanga ndi mchira n'za mwini wake. Ine ndidadziwa chiyambire. Wosadziwa udali iwe wekha." Mawu otsirizawo ndiwo adandilondola mpaka ku Indiana patapita zaka zambirimbiri. Agogo sadanyengedwe, pakuti pangano lawo lidapanganidwa masana, pamaso pa mboni ndi nyakwawa ya mudzi. Wolira adali ine, amene ndidayesa zoikiza ngati zathu. Akale adati nsalu yobwereka siithetsa usiwa, ndipo potero sadaletse kubwereka, koma adachenjeza wobwereka kuti asaiwale kuti wabwereka.

Tsono ndisakhale woweruza wokondera, womva mbali imodzi n'kugamula. Kabokosi kaja sikadagwe kuchokera kumwamba ngati mana. Kadapangidwa ndi ndalama, ndipo kampani imene idanditumizira kwaulere idayembekeza kubweza ndalamazo pang'onopang'ono m'malipiro a mwezi ndi mwezi. Ikadasiya khomo lotsegula, anthu ochenjera akadalandira mphatsoyo Lolemba n'kusamuka nayo Lachiwiri. Ndipo ndi woikiza ng'ombe uti amene angalole zotero? Komanso loko yemweyo amene adanditsekereza ndiye ankanditchinjiriza. Sindidalembepo chilembo n'chimodzi chomwe kuti lamya iyambe kulira, pakuti zonse zinkadza zokha kuchokera ku seva. Chinthu chikavuta, kudali wokamudandaulira. Pulogalamu ya m'kati ikapezeka ndi chilema, eni ake ankaikonza ine ndili m'tulo. Ndipo mbala za pa intaneti, zimene zimasakasaka zipangizo zosasamalidwa kuti ziimbirepo mafoni akutali mwini wake n'kutsala ndi ngongole, zinkapeza mpanda wolimba. Ngakhale nkhani ya moyo ndi imfa idalimo, pakuti mu 2005 bungwe la FCC, loyang'anira za mauthenga ku America, lidalamula makampani a lamya ya pa intaneti kuti woimba nambala yangozi ya 911 azifikitsidwa kwa othandiza a m'dera lake pamodzi ndi keyala yake, ndipo lamulo lotere n'lapafupi kulisunga pa chipangizo chimene ukuchiyang'anira wekha. Kwa nkhalamba yosadziwa za makompyuta, imene ingofuna kunyamula chigwiriro ndi kumva mawu a mdzukulu, loko ameneyu ali ngati mpiringidzo wa pachitseko usiku, ndipo palibe amene adatchapo nyumba yake ndende chifukwa cha mpiringidzo.

Mkangano umenewu ndi wamkulu msinkhu kuposa intaneti. Kwa zaka zambiri ku America lamya ya m'nyumba sidali ya mwini nyumba; idali ya kampani ya AT&T, yobwereketsedwa pa malipiro a mwezi, ndipo kudali koletsedwa kulumikizako chinthu chilichonse chachilendo. Lamulolo lidakhwima kotero kuti ngakhale kachipangizo kotchedwa Hush-A-Phone, kachikho chabe kopanda waya kapena magetsi, kovekedwa pakamwa pa lamya kuti oyandikana asamve zokambidwa, kadafika kubwalo la milandu, kumene kadapambana mu 1956. Pambuyo pake munthu wa ku Texas, dzina lake Thomas Carter, adapanga Carterfone, yolumikiza wailesi ya anthu ogwira ntchito kutali, monga a ku zitsime za mafuta, ndi lamya wamba. Kampani idakana, mlandu udakula, ndipo mu 1968 FCC idagamula kuti munthu ali ndi ufulu wolumikiza chipangizo chake, malinga chisawononge netiweki. Pakhomo limene Carter adatsegulalo padalowa makina oyankha lamya mwini atachoka, makina a fakisi, ndi modemu imene idabweretsa intaneti m'nyumba za anthu wamba. Ndipo ndimakhala chete ndikalingalira kuti mwana wolowera pakhomo lotsegulalo, atakula ndi kuyamba kunyamula mawu a anthu, adasulanso maloko akeake.

Koma lilipo tsiku limene kusiyana kwa zoikiza za agogo ndi zoikiza za makono kumaonekera poyera, ndilo tsiku la imfa ya mwini. Mu Julaye 2007 kampani ya SunRocket ya ku Virginia, imene idali ndi makasitomala oposa 200,000, ambiri a iwo atalipiriratu chaka chathunthu, idatseka zitseko mwadzidzidzi popanda kutsazika. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo anthu adatsala ndi timabokosi tamoyo ndithu, topanda chilema, koma tomangiriridwa kwa mbuye wakugwa. Yanga ija idafa imfa yofanana patapita nthawi, ine nditachokako kale, ndipo idalowa m'manda kiyi ali m'thumba. Tisayesenso kuti zimagwa zing'onozing'ono zokha, pakuti Skype, imene idayamba mu 2003 ndi chinenero chakechake chobisika, imene Microsoft idaigula mu 2011 pa madola 8.5 biliyoni, ndiponso imene idali ndi mafoni opangidwira iyo yokha, idatsekedwa mu Meyi 2025. Ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Kwathu mwini zoikiza akamwalira, a pabanja pake amadza, nkhani imakambidwa pansi pa mtengo, ng'ombe zimapeza mwini watsopano ndipo zimapitiriza kubereka. Koma chipangizo cholokedwa mbuye wake akafa chimasanduka mwala, ndipo mkuwa, pulasitiki ndi thukuta la amene adachipanga zimathera kudzala chisanakalambe.

Ku Indiana kuja, kolokedwa kaja katandikanika, ndidagula tsono kabokosi kosalokedwa, pamtengo wake wonse, umene udandidyera ndalama ya chakudya cha masabata awiri. Ndidalembamo ndekha dzina la seva, dzina langa ndi mawu achinsinsi, ndipo kanyali katayaka mosaphethira ndidadzimva ngati munthu wolowa m'nyumba yomanga yekha. Lamulungu lidafika. Ndidaimba, kudalira, ndipo wina adayankha, pakuti kulirako kudaleka. Koma m'khutu mwanga mudali zii. "Halo! Amayi! Halo!" Palibe. Ndidadula ndi kuimbanso, kasanu kapena kupitirira, ndipo pomaliza, poyesa kuti ndili ndekha, ndidadandaula mokweza mawu chigwiriro chili pakamwa, ndi kunena za kutopa kwanga, za ngongole, za chisanu, ndi zakuti mwina ndidalakwa kubwera kudziko la eni, zinthu zimene mwana wamwamuna sauza mayi wake. M'kati mwa sabata mnyamata uja adapeza chifukwa: kabokosiko kankauza a kutsidya keyala yake ya m'kati mwa nyumba m'malo mwa keyala ya panja imene dziko limaidziwa, monga mwana wosochera amene pofunsidwa kwawo ayankha kuti kwathu n'kuchipinda, motero mawu anga ankatuluka bwinobwino, koma obwera ankasochera pachipata. Atakonza, mawu oyamba a amayi Lamulungu lotsatira adali akuti, "Ndidamva zonse, mwana wanga. Ndinkakuyankha, iwe osandimva. Ndidaima pachulu paja mpaka aphunzitsi adadza kudzanditsitsa." Walira mvula walira matope. Ufulu umene ndidaulirira udadza ndi mtolo wake, ndipo woyamba kuusenza adali mayi wokalamba woima padzuwa.

Komabe ndinene choona chonse: kabokosi kachiwiriko, katatha kundiphunzitsa ndi chikoti, kadanditumikira mokhulupirika pansi pa makampani atatu, pakuti ina ikakweza mtengo kapena mawu akayamba kudukaduka, ndinkangokhala pansi madzulo amodzi n'kulembamo dzina la ina, ndipo pobwerera kwathu ndidakasiyira wophunzira wina wofika kumene, amene adafufuta dzina langa nalembamo lake, monga khasu lipita kwa mwana bambo akatopa. Kolokedwa kaja palibe akadakalandira ngakhale kwaulere, ndipo n'chifukwa chake kadalowa musutikesi n'kuwoloka nane nyanja.

Nditaika mbali zonse ziwiri pamuyeso, ndafika pa maganizo awa, amene ndikuwapereka modzichepetsa kwa odziwa koposa ine. Loko payekha alibe tchimo, monganso ngongole ilibe tchimo. Choipa chimalowa pawiri, pamene wogula sauzidwa poyera kuti chimene wanyamula n'choikiza, ndi pamene ngongole yatha koma kiyi saperekedwa. Chilamulo cha Mose chidaidziwa nzeru imeneyi, pakuti chidalola Mhebri kutumikira mnzake zaka 6, koma m'chaka cha 7 adayenera kumasulidwa ndi kupatsidwa poyambira. Ndipo ngati wantchitoyo adakonda mbuye wake nafuna kukhalabe, ankabooledwa khutu pachitseko, kuti onse adziwe kuti wakhala mwa kufuna kwake. Kutumikira kudali ndi malire, ndipo kukhala kudali kosankha. Maiko ena ayamba kuyenda njira yomweyi pa mafoni am'manja: America idavomereza mwalamulo mu 2014 kuti munthu atsegule foni yake, Canada idaletsa kugulitsa mafoni olokedwa mu Disembala 2017, ndipo Britain idatero mu Disembala 2021. Ife a kuno nkhaniyi si yachilendo kwa ife, pakuti ndani amene sadaonepo foni yokongola yotumizidwa ndi mbale wa ku Johannesburg kapena ku London ikukana simu khadi ya kuno, mpaka mwini wake kuinyamula kupita nayo kwa anyamata a pamsika wa Limbe kapena wa Lilongwe kuti akaitsegule?

Lero timabokosi totere tatsala m'maofesi ndi m'nyumba zowerengeka, pakuti chiyambire 2015, pamene WhatsApp idayamba kunyamula mawu, lamya ya pa intaneti idalowa m'thumba la aliyense, ndipo mwana wa kumudzi amalankhula ndi mbale wake wa ku Cape Town ali chigonere pamphasa. Koma loko sadafe. Wangosamuka kuchoka m'chitsulo kulowa m'pulogalamu. Nambala ya lamya wamba imafika kwa munthu aliyense, kaya ali pa netiweki iti, m'dziko liti. Pamene wa pa WhatsApp amaimbira wa pa WhatsApp mnzake, ndipo wofuna kutulukamo amapeza kuti chingwe chomumanga ndi abale ake omwe, mpingo wake, gulu la maliro ndi la banki m'khonde, onse okhala m'khola limodzilo. Sitilipira kanthu pachipata, monga ine sindidalipire kanthu pa kabokosi kaja, ndipo chifukwa cha chimenecho tiyenera kufunsa kawiri, pakuti safunsa adadya phula. Mwana wa mlongo wanga atadza chaka chatha nati, "Amalume, tikufuna kuika mafoni a pa intaneti ku ofesi, tigule otani?" sindidamusankhire, popeza wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndidangomuuza kuti asanasaine afunse amene asunge kiyi, afunse tsiku limene ngongole idzathe ndi ngati kiyiyo adzaperekedwa pa tsikulo, ndipo afunsenso, ngakhale kuli kopanda ulemu kufunsa wamoyo za maliro ake, chimene chidzatsale m'manja mwake kampaniyo ikadzafa.

Chilipo chinthu chimodzi cha tsiku lija la ng'ombe chimene ndachisungira kumapeto. Mkulu wa chikhoti chakuda uja, atayenda pang'ono, adaima, napatula thole lalikazi loleka kuyamwa la ng'ombe yamawanga ija, nalibweza m'khola ndi dzanja lake, nati kwa agogo, "A Phiri, msipu wanu ndi miyendo ya mwanayu zisapite pachabe." Thole limenelo lidakula, lidabereka, ndipo mwa zidzukulu zake mudatuluka fizi imene idandifikitsa ku sekondale. Pangano la akuluakulu aja lidali ndi mathero, ndipo pamathero pake woweta adatsala ndi chakechake.

Kabokosi kaja ndidakasiya kakuphethira mpaka dzuwa lidalowa. Amayi adagona kale kumanda a kwathu. Chulu chija adachigumula oumba njerwa, ndipo chapafupi pomwepo paima nsanja ya netiweki yooneka mudzi wonse. Akunyumba, polowetsa katundu, adakanyamula ndi zala ziwiri nati, "Bambo, nanga aka? Tikataye kudzala?" Ndidawerenga mumtima miyezi yonse imene ndidalipira, ndi kupeza kuti mtengo wake ndidaubweza kangapo konse, thole osaliona, komabe ndidakazula kumagetsi, ndi kukakulunga m'jekete lachisanu lija, ndi kukabwezera pansi pa sutikesi. "Kasiyeni, mayi," ndidatero. "Choikiza sataya. Mwina eni ake adzabwera."